Utsi wa pamafuwa ukudwalitsa ana athu

Mukalowa m'khitchini mawa m'mamawa, tayang'anani kudenga. Mwaye wakuda umene wakangamira pa malatapo wachokera mu utsi womwe inu ndi mwana wanu mumapuma tsiku lililonse.

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha PM2.5. Kamodzi kamachepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno n'kutuluka ndi mamina, koma timeneti timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Kumeneko timayambitsa chibayo kwa ana, timadzutsa mphumu, ndipo kwa akuluakulu timabweretsa matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndikamayenda ku Mtandire, Chinsapo kapena ku Kauma mu mzinda wa Lilongwe n'kuona mayi atawerama pamafuwa kukupiza moto wa nkhuni zaziwisi, misozi ili chuchuchu, khanda lili kumsana. Khandalo limapuma mofulumira kuposa mayi wake, choncho limameza utsi wochuluka pa kathupi kake. Amayi, pophika m'tsitseni mwana, apatseni agogo kapena mkulu wake akakhale naye patali. Phikirani panja, kapena m'khitchini yokhala ndi zenera moyang'anizana ndi khomo. Nkhuni ziyambe zauma. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, imadya nkhuni zochepa ndipo utsi wake umachepako, ngakhale sutheratu.

Makala nawonso asakupusitseni poti safuka kwambiri. Yatsirani mbaula panja mpaka makala apse bwino, ndipo musayatsire jumbo kapena zidutswa za matayala. Mu Juni ndi Julaye, kukazizira, musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.

Abambo, milu ya zinyalala yomwe timatentha madzulo ija utsi wake sukwera kutali kunja kukazizira, umangoyala m'makomo mwa anthu. Masamba ndi makoko kwirirani m'dzenje apange manyowa a kudimba.

Mwana akamapuma mwaphuma, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi, ndipo mukawauze adokotala momwe mumaphikira kunyumba.