Momwe mungaikire Linux Mint pambali pa Windows osafufuta mafayilo anu

Sisitimu yomwe ndinaikonda kuposa zonse ndi Windows 7. XP ndinakhala nayo zaka zambiri, ija ya phiri la udzu wobiriwira pa sikirini, koma 7 ndiyo inandifika pamtima: ukayatsa, batani la Start lili pakona pake, chilichonse chili pomwe unachisiya dzulo. Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 nayo inatsatira anzake. Windows 11 inakana kulowa mu laputopu yanga, poti imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makina oti akugwira ntchito bwinobwino, ndiwataye? Ayi ndithu. Ndinaikamo sisitimu ina yotchedwa Linux Mint pambali pa Windows, moti poyatsa ndimasankha ndekha kuti lero ndilowe iti.

Ndinatenga Mint, osati Ubuntu (mtundu wina wa Linux), ngakhale kuti Mint imamangidwa pa Ubuntu yomweyo, chifukwa maonekedwe ake otchedwa Cinnamon amandikumbutsa 7 ija: menyu pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja. Anaiyambitsa ndi Clément Lefebvre mu 2006, ndipo Mint 22 idzasamalidwa mpaka 2029. Ndi yaulere. Wina akati akugulitseni laisensi ya Mint, dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Choyamba, kopani mafayilo anu onse ofunika muwasunge kwina. Mukatero, tsegulani angapo mwa omwe mwakopawo muone ngati akutseguka, makamaka omwe alowa kumapeto. Zimveka ngati zachibwana, koma mumva pansipa chimene ndikunenera.

Chachiwiri, pitani pa linuxmint.com mukatenge fayilo ya ISO, yomwe muli Mint yonse yoti muike. Ndi pafupifupi 3GB, choncho chitani izi pomwe pali Wi-Fi, kupanda kutero bando ithera panjira. Mint imafuna RAM yosachepera 2GB, koma imapuma bwino pa 4GB. Ngati yanu ndi yochepa, tengani Mint ya maonekedwe otchedwa Xfce m'malo mwa Cinnamon, ndi yopepuka. Kuti mudziwe kuti fayilo yafika yathunthu, tsegulani Command Prompt mulembe certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256, ndipo manambala otulukawo muwafananize ndi omwe ali pa tsamba la Mint. Ambiri amadumpha pamenepa, inenso ndinkadumpha. Kenako ikani ISO ija mu fulashi ya 8GB pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena ya balenaEtcher. Zonse zomwe zinali mu fulashiyo zifufutika, ndiye isakhale yomwe mwasungamo mafayilo aja.

Chachitatu ndi kukonza Windows kuti ipatse mnzake malo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc, ndipo pa C: sankhani "Shrink Volume". Mint ikhoza kukhala mu 20GB, koma mudzadzaza msanga. Ine ndinaipatsa 100GB. Malo otsalawo asiyeni opanda kanthu. Zimitsani Fast Startup mu Power Options, chifukwa ikakhala yoyaka, Windows sizima kwenikweni, imangogona itagwirabe disiki. Ngati disiki yanu ndi yokhoma ndi BitLocker, lembani papepala kiyi wake wa manambala 48 musanakhudze chilichonse. Pomaliza dinaninso Windows ndi R, lembani msinfo32, mufufuze mzere wolembedwa "BIOS Mode". Pamenepo palembedwa UEFI kapena Legacy, zomwe ndi njira ziwiri zoyatsira kompyuta, yatsopano ndi yakale. Mawu amenewa musawaiwale.

Tsopano tafika pomwe ine ndinagwa chagada.

Lowetsani fulashi, yatsani laputopu, ndipo dinani batani la boot menu (mndandanda wosankhira pomwe kompyuta iyambire) mobwerezabwereza logo isanachoke. Pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa Asus ndi Esc. Pa makina ambiri akaleko fulashi imaoneka kawiri pamndandanda: pena dzina lake lokha, pena dzina lomwelo koma kutsogolo kuli mawu oti UEFI. Tsiku limenelo ndinaona mizere iwiriyo, n'kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Ndinasankha wapamwamba, wopanda UEFI, pomwe Windows yanga inaikidwa mwa UEFI.

Mint inatseguka bwinobwino, Wi-Fi ikugwira, mawu akumveka, ine mtima m'malo. Ndinadina "Install Linux Mint", ndinasankha chilankhulo ndi kiyibodi, mpaka ndinafika pa tsamba lofunsa momwe ndikufuna kuikira. Pamwamba panalembedwa kuti "This computer currently has no detected operating systems". Kunena kwake, sikuona sisitimu ina iliyonse m'makinamo. Mzere umenewu sindinauwerenge. Unali usiku, maso atalema, ndipo ndinali nditaonera kale mavidiyo angapo momwe anthu amangosiya chosankha choyamba n'kupitirira. Kwa iwo choyambacho chinali "Install Linux Mint alongside Windows Boot Manager". Kwa ine, poti Windows sinaoneke, choyamba chinali "Erase disk and install Linux Mint". Panabwera ngakhale kabokosi kondichenjeza za zomwe zilembedwe pa disiki. Ndinadina Continue ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

Nditayatsanso, menyu yosankhira panalibe. Mint inangolowa yokha, itatenga disiki yonse. Ndinamva kutentha m'makutu, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti mafayilo ndinasunga.

Ndinali nditawasunga mu fulashi yolembedwa 128GB, yomwe ndinagula kwa wogulitsa wina pa intaneti pamtengo wotsika modabwitsa. Nditailowetsa, mafoda onse analipo, mayina a mafayilo onse analipo, kukula kwake kukuoneka kolondola. Zithunzi zoyambirira zinatseguka. Zotsatira zake, ziii. China chimatuluka chotuwa theka, china chimakaniratu. Fulashi zabodzazi amazikonza kuti zizinamiza kompyuta: mkati muli malo ochepa, koma zimanena kuti ndi zazikulu, ndipo malo enieniwo akadzaza, zomwe mukukopa zimangosowa kapena kulembedwa pamwamba pa zinzake popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo kamaulula bodzalo. Kamatenga maola, koma kayendetseni pa fulashi iliyonse yatsopano musanaikhulupirire. Kutsika mtengo kuja kunandidyera zolemba za zaka zingapo. Zithunzi zina ndinazipulumutsa ndi PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutika, koma zinabwera zopanda mayina ake, zangokhala zilembo f ndi manambala, ndipo ndinatha masabata ndikuzisanja chimodzichimodzi.

Ndiye inu chitani chonchi. Ngati msinfo32 inati UEFI, sankhani mzere wa fulashi womwe uli ndi UEFI. Ngati inati Legacy, sankhani winawo. Mukafika pa tsamba lija, chotsani dzanja pa mausi muwerenge mokweza. Pakapanda mawu oti "alongside Windows", musapitirire. Dinani Quit, zimitsani, bwererani ku Windows mukaonenso BIOS Mode ndi Fast Startup, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pa ziwirizi. Pali chosankha china cha "Something else" chogawira disiki pamanja, koma ngati simunachitepo, tsiku loyamba si lophunzirira zimenezo.

Mukadutsa apa zotsalazo n'zosavuta. Kabokosi ka multimedia codecs, kothandiza kuti mavidiyo ndi nyimbo zizisewera, kamabwera musanafike pa tsamba lija, ndiye mukachonge pomwepo. Apa sankhani dera lanu la nthawi, lembani dzina ndi pasiwedi, chaja chikhale cholumikiza, dikirani. Ikamaliza, chotsani fulashi n'kuyatsanso. Muona menyu yakuda yotchedwa GRUB, Mint pamwamba, Windows pansi pake. Lowani mu Windows kaye kamodzi mutsimikize kuti ili moyo.

Mu Mint tsegulani Update Manager mulandire zonse, kenako Driver Manager ngati Wi-Fi kapena khadi la Nvidia likuvuta, kenako Timeshift kuti muzitha kubwerera m'mbuyo mukaononga china. Firefox ndi LibreOffice zilimo kale. LibreOffice imatsegula mafayilo a Word, kungoti matebulo ndi mafonti nthawi zina amasuntha, n'chifukwa chake Windows ndinaibwezeretsa ndipo ndimaisungabe pambalipo, ngakhale pa intaneti sindiilowetsanso kawirikawiri.

Kanthu kena kakang'ono: mukachoka ku Mint kulowa Windows mupeza wotchi yasokonekera ndi maola angapo, chifukwa Linux imasunga nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limawerengerapo, pomwe Windows imasunga ya kwanuko. Tsegulani Terminal (polembera malamulo) mu Mint, lembani timedatectl set-local-rtc 1, basi. Za pulinta tidzakamba tsiku lina, yanga inangogwira yokha nditailumikiza.