Kajambulidwe ka uthenga pakhoma koti anthu aime ndithu n'kuona

Achinyamata a kuno ku Kasungu amene dzanja lanu limatha kujambula, luso limenelo lisamangothera pa zikwangwani za mabarbershop ndi masaluni ayi, mutha kuligwiritsa ntchito pokamba zomwe zikutiwawa m'mudzimu. Koma pali kachitidwe kake.

Yambani ndi khoma. Sakani pomwe anthu amaima osati pongodutsa, monga pachigayo, pafupi ndi mjigo, pa siteji ya akabaza ku Santhe kaya ku Nkhamenya. Mwini khomalo mumupemphe bwinobwino ndipo alembe kakalata kovomera chifukwa anthu ena satchedwa kutembenuka, likakhala la sukulu ndiye kwa ahedi ndi komiti, ndipo amfumu musawadumphe, pitani ndi pepala lomwe mwajambulapo kale aone okha chomwe chikubwera.

Uthenga ukhale umodzi basi. Tinene kuti mwasankha za maukwati a ana. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18 ndipo ngakhale makolo avomere saloledwa kukwatiwa. Ndiye musadzadze khoma ndi ndime za malamulo, palibe awerenge. Jambulani mtsikana wa yunifolomu atakumbatira makope, kumbuyo kwake dzanja likupereka ndalama iye atalifulatira, pamwamba mawu ochepa akuluakulu oti munthu ali pa njinga awerenge osatsika, pansi nambala ya 116 ija yoimba ulere mwana akamazunzidwa. Nkhope ya munthu weniweni wa m'deralo musaike, ngakhale aliyense akudziwa kuti bambo uje ndi amene anakwatira mwana wa sitandade 7, imeneyo ndi milandu ndipo khoma alifufuta usiku womwewo.

Pa mitundu apa samalani kwambiri. Buluu wambiri ena ati ndinu a DPP, yelo ati UDF, olenji ati PP, ndipo kuno kwathu mukangojambula tambala wakuda olo pakona penipeni nkhani ya mtsikana ija yathera pomwepo, anthu ayamba kukangana za chipani. Sakanizani mitundu, wina usalamulire.

Tsopano ntchito yeniyeni. Palani khoma lonse, ngati linapakidwa laimu muchotseretu chifukwa penti pa laimu imasupuka, kenako pakani penti yoyera ya madzi yotchedwa PVA ndi kuisiya iume. Pepala lanu lija ligaweni timabokosi, khomanso mulijambule mabokosi omwewo koma akuluakulu pogwiritsa ntchito choko ndi chingwe, ndiye muzikopera bokosi ndi bokosi, mukatero mutu sukula kuposa thupi. Penti musagule mitundu yonse, ndalama zake zili kuti? Yofiira, yelo, buluu, yakuda ndi yoyera zakwana, inayo muzisakaniza m'zigubu zodula pakati. Ya mafuta ndiyo imapirira mvula, maburashi ake muzitsuka ndi palafini musanapite kunyumba apo ayi mawa muwapeza atauma gwa.

Nthawi yabwino ndi pakati pa Meyi ndi Okutobala kopanda mvula, ndipo muziyamba m'mamawa dzuwa lisanawotche khoma. Ana odzaonerera aja musawathamangitse, apatseni burashi apake mabokosi osavuta, khoma lomwe apakapo okha salola mnzawo kulikanda ndi makala.

Mukamaliza jambulani pafoni muponye pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Penti yotsala tsekani bwino musunge, mvula ikatha mu Epulo mudzafunika kubwerezanso zilembo zija.