Musanapemphe ndalama za CDF pa sukulu yanu ya nasale

Amayi amene mukusunga ana aang'ono kuno ku Chipata, mukafuna thandizo la CDF, ndalama za boma za chitukuko cha m'konstichuwensi, yambani ndi mapepala. Lembetsani sukulu ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN, nambala ya msonkho, ku ZRA, bungwe la misonkho, akaunti ya kubanki ikhale m'dzina la sukulu, osati lanu. Ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, pitaniko msanga. Oyendera malo asanabwere, konzani zimbudzi: tiana timafuna zawozawo, zazifupi, chitini cha madzi ndi sopo pakhomo pomwepo. Fomu yopemphera CDF imadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu. Ndalama zaulere zimapita kwa magulu, monga makalabu ndi makopaletivu. Mukakhala nokha ndi ngongole basi, yobweza ndithu, choncho fizi ya mwana aliyense muziilemba m'buku tsiku lomwelo.