Mathero a filimu amadzalidwa koyambirira

Magulu ena a zisudzo ayamba kujambula mafilimu ndi mafoni. Zithunzi zikuoneka bwino ndithu, koma mathero ndiwo akukhumudwitsa oonera. Kawirikawiri cholakwika sichikhala kumatheroko ayi. Chimakhala kwa mtengambali amene wasintha khalidwe popanda chomusinthitsa.

Tiyerekeze kuti filimu yanu ikukamba za mayi wogulitsa kabichi pamsika wa Lizulu. Kuyambira pachiyambi ndi woumira, mwana wamasiye amene akumulera amamumana ndi ndiwo zomwe. Kutatsala mphindi 5 kuti filimu ithe, mayi yemweyo akulira, akumulipirira mwanayo fizi. Oonera samva naye chisoni. Amangofunsana kuti, "Kodi ameneyu wadya chiyani?" Anthu athu anakula ndi nthano, amadziwa kuti Fisi salapa umbombo tsiku limodzi.

Ngakhale a ndalama zawo amaphonya. Mu 2019 kanema wa pa TV wa ku America wotchedwa Game of Thrones atatha, anthu oposa 1 miliyoni anasayina pa intaneti kupempha kuti chigawo chomaliza chijambulidwenso. Chimodzi mwa zimene anadandaula n'chakuti mtengambali wina wamkulu, Daenerys, amene kwa zaka ankamasula akapolo, anatentha mzinda wonse mwadzidzidzi.

Ndiye musanagwire foni, khalani pansi ndi kope. Mtengambali aliyense akhale ndi tsamba lake: akufuna chiyani, amaopa chiyani, nanga n'chiyani chimene sangachite ngakhale zitavuta motani. Ngati mayi uja adzafewe mtima, tioneni zizindikiro msanga. Mwina usiku wina akumufunditsa chitenje mwanayo ali mtulo, kuzizira kwa mu Juni kuja, kenako m'mawa n'kumukalipira ngati kale. Mwina kasitomala wanyoza mwanayo, iye n'kupsa mtima osadziwa chifukwa chake. Tizinthu totere tiwiri kapena titatu n'tokwanira.

Chenjeraninso pojambula. Poti zigawo sizijambulidwa motsatana, za kumsika mumamalizira limodzi tsiku la msika, wosewera amasokonezeka. Mukumbutseni nthawi iliyonse kuti pamenepa mtima wa mayiyu wafika pati.

Mukalumikiza zonse, onetsani anthu angapo amene sanawerenge nkhaniyo, makamaka achikulire, iwo sanyengerera. Imitsani filimu isanathe, muwafunse kuti mayiyu achita chiyani. Akati, "Amuthamangitsa mwanayo," inu mutajambula zomulipirira fizi, bwererani ku Lizulu mukajambule gawo la chitenje lija.