Musalipire galimoto ku Edmonton musanaone komwe chingwe chathera

Ndiyambe ndi bambo uja anandigulitsa galimoto, chifukwa mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Ndinafika ku Edmonton mu August 2023. Pofika October ndinali nditatopa ndi kudikira basi mbandakucha, ndiye ndinayamba kusaka galimoto pa intaneti. Ndinapeza ya 2011, yosalala bwino, pa $5,800. Wogulitsayo anati tikumane poimika magalimoto pa sitolo ina, osati kunyumba kwake. Dzina la pamapepala silinali lake, akuti ndi ya alamu ake. Kwathu munthu wotere ndi dobadoba, ndipo timamudziwa akadali patali. Koma uyu anavala jekete yodula, akulankhula mofatsa, ine n'kumati ku Canada anthu sanama. Kuno amawatcha ma curber: amagula magalimoto otopa n'kumagulitsa ngati awoawo, alibe laisensi ya AMVIC, bungwe loyang'anira ogulitsa magalimoto mu Alberta, chigawo chomwe muli Edmonton.

Amayi ena akutchalitchi anali atandiuza kuti ndisaiwale kufunsa za block heater, kachipangizo ka magetsi kotenthetsa injini kukazizira. Ndinafunsa. Bamboyo anawerama, n'kusolola kachingwe ka pulagi kutsogolo kwa galimoto, n'kundigwiritsa m'manja. Ndinakhutira, ndinawerenga ndalama. Papepala lomwe tinasainirana panali timawu tiwiri, "as is", kutanthauza kuti mwaigula mmene ilili, zovuta zake ndi zanu.

December wa chaka chimenecho sikunazizire kwenikweni, moti ndinkadziona ngati katswiri. Usiku uliwonse ndinkalumikiza chingwe changa kusoketi mokhulupirika. Kenako kunabwera Lachisanu pa 12 January 2024, tsiku lomwe ku bwalo la ndege la Edmonton kunazizira kufika pafupifupi madigiri -46. Faifi koloko m'mawa ndinatembenuza kiyi. Injini inabuula kamodzi, kenako kete kete kete, basi zii. Ndinayesanso, ndinayesanso, mwina kakhumi, zala zitauma ngati nkhuni. Ndinakagogoda kwa neba wanga, gogo wina yemwe wakalambira m'nyengo zotere, kuti andithandize ndi majampa. Anatsegula boneti, anaunika ndi tochi, n'kundikaniza. Batire linali litatupa m'mbali. Linali litaundana, ndipo anandiuza kuti tikalilumikiza ku galimoto yake litha kutiphulikira kumaso.

Galimoto yokoka inabwera patapita masiku awiri, chifukwa mzinda wonse unali pamzere. Kugalaja makaniko anandiitana kuti ndione ndekha. Anatsata chingwe chija kuchokera ku pulagi, ndipo kumapeto kwake kunalibe kanthu. Chinangomangidwa ku chitsulo ndi kapulasitiki. Galimotoyo inachokera cha ku Vancouver, komwe sikuzizira motere, ndipo sinaikidwepo block heater chiyambire. Miyezi itatu ndinkaitenthetsa ndi chikhulupiriro chokha. Batire nalo linali la 2016. Kukoka, batire latsopano ndi block heater zinandidya ndalama zoposa $700, kuphatikizapo mashifiti atatu omwe ndinajomba ndili pa ntchito yatsopano. Mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kalikonse. Nambala ya bambo uja inali itasiya kugwira.

Ndiye abale anga, musalipire galimoto iliyonse makaniko wosankha inuyo asanaione, ndipo mumuuze ayeze block heater, osati kungoona chingwe. Wogulitsa akakana, chokanipo. Akati kuli wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni adikire ameneyo. Dzina la pa laisensi yake lifanane ndi la pamapepala a galimoto. Zolembetsa ndi zosavuta: inshulansi kaye, kenako ku registry, ofesi yolembetsera magalimoto, ndi pepala logulira.

Kwa amene simunaionepo, block heater ndi kachitsulo kotenthetsa komwe kamalowetsedwa mu injini. Kamafunditsa madzi a mu injini kuti oyilo asalimbe ngati phala la dzulo. Kukafika -15 kapena kutsika apo, lumikizani. Maola atatu kapena anayi musananyamuke ndi okwanira, usiku wonse n'kungowononga magetsi, ndiye gulani ka timer, koyatsa magetsi kokha pa nthawi yomwe mwatchera. Chingwe chowonjezera chikhale cha panja chopirira kuzizira, osati choyera cha m'nyumba chomwe mumatchajira foni, chimenecho chimathetheka. Mukamafuna nyumba ya lendi funsani ngati poimika galimoto pali soketi, ndipo muiyese nokha ngati ili ndi moto. Tsiku lotsatira tsoka langa lija, pa 13 January, mafoni onse mu Alberta analira ndi chenjezo loti tichepetse magetsi, ngakhale ma block heater tidikire kaye, kuopa kuti azima. Ndinaseka ndekha. Kuwoloka nyanja yonseyi, kuzimazima kwa magetsi n'kunditsatirabe.

Batire ndiye mtima wa nkhaniyi. Kukazizira mphamvu yake imatsika kwambiri, pomwe injini ikufuna mphamvu yochuluka kuti itembenuke. Batire lodzaza bwino limapirira mpaka cha m'ma -60, koma lophwa limaundana ngakhale pa -10. Likapitirira zaka zinayi, kaliyezetseni mu October, musadikire January ngati ine. Pogula onani nambala ya CCA, yomwe imasonyeza mphamvu yake pa -18, ndipo musatsike pa imene buku la galimoto yanu likunena. Timaulendo ta mphindi zisanu, hita ndi magetsi zonse zili zoyaka, timalimaliza pang'onopang'ono. Kamodzi pa sabata yendani ulendo wa theka la ola. Injini ikakana, musapanikize kiyi kupitirira masekondi khumi, pumulani kaye, ndipo ikakana katatu lekani. Za kukankha iwalani. Magalimoto ambiri kuno ndi otomatiki, ndipo palibe anyamata a pasiteji oti muwapatse ya fanta.

Tsopano chizolowezi chathu chija chothira madzi a pampopi mu rediyeta. Chonde, chisiyeni ku Chileka. Madzi akaundana amafufuma, ndipo amang'amba injini yeniyeniyo. Coolant, mankhwala a mu rediyeta, wosakaniza ndi madzi theka ndi theka amateteza mpaka cha pa -37, zomwe ku Edmonton nthawi zina n'zosakwanira, ndiye makaniko amuyeze. Madzi otsukira galasi gulani olembedwa -40 kapena -45. Oyilo akhale synthetic wa nambala yomwe buku likunena, monga 0W-20 kapena 5W-30. Thanki isatsike pa theka. Ndikudziwa, tinazolowera kuthira petulo wongofikira kumene tikupita, koma kuno mukatitimira panjira, petulo ameneyo ndiye moto wanu woothera.

Za matayala ndimakangana ndi anzathu chaka chilichonse. Akuti "all-season" ndiye kuti nyengo zonse. Bodza. Kukatsika pa madigiri 7 labala wake amayamba kuuma, ndipo pa -30 mumakhala ngati mukuyenda pa mapulasitiki. Fufuzani matayala a nyengo yozizira okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kachipale pakati, ndipo muike onse anayi, osati awiri. Ku chigawo cha Quebec ndi lamulo kuyambira pa 1 December mpaka pa 15 March. Ku Alberta palibe wokukakamizani, n'chifukwa chake m'ngalande za msewu wa Anthony Henday mumadzaza magalimoto chipale chofewa chikangoyamba kugwa. Mpweya wa m'matayala umatsika kukazizira, ziuyezani. Ndipo achimwene a SUV, mawilo anayi okoka amakuthandizani kunyamuka, osati kuima.

Pali zina zomwe sindikufuna kumva kuti Mmalawi wachita. Kuthira madzi otentha pa galasi loundana: ling'aluka pomwepo, palani ndi chopalira. Kuyatsa mawaipala atamatirira pa galasi: mung'amba labala kapena kuwotcha mota. Kukoka handibuleki usiku wozizira mutayenda m'chipale chonyowa: ikhoza kugwira osamasuka m'mawa, ndiye ngati pamalopo ndi pathyathyathya ingoikani pa P. Kusiya galimoto ikulira, kiyi ali momwemo, inu mukumaliza tiyi m'nyumba: akuba a kuno amadzuka m'mawa kudikira anthu ngati inuyo. Ndipo galimoto siifunika theka la ola kuti itenthe. Mphindi zochepa, magalasi ayere, muziyenda pang'onopang'ono, imatenthera m'njira.

Choopsa kuposa zonse ndi utsi. Musalize injini m'galaja yotseka, ngakhale chitseko mutachitsegula pang'ono. Mukatitimira m'chipale, tulukani muone kuti ku ekizozi sikunatsekeke musanalize injini. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, umangokugonetsani tulo. Lizani injini mphindi khumi pa ola, windo litatsika pang'ono, ndipo musasiye galimoto n'kuyamba kuyenda wapansi kukasaka thandizo. Kumene timadandaula kuzizira kwa ku Dedza mu June, kuja n'kusewera. Pa -40 ndi kamphepo, khungu losavundikira limaundana pasanathe mphindi khumi.

M'galimoto muzikhala bulangete, magolovesi ndi chipewa zapadera, fosholo yaing'ono, majampa, tochi, chotchajira foni ndi kachakudya kouma. Bulangete likhale mkati, osati m'buti, poti buti nalo limaundana osatseguka. Umembala wa AMA, bungwe lothandiza oyendetsa galimoto ikawafera panjira, kapena CAA m'zigawo zina, lipirani chisanu chisanayambe. Sudzakuchotsani pamzere tsiku la -40, koma simudzalipira zomwe ndinalipira ine.

Ndipo m'mawa, musanabwerere m'mbuyo, zulani pulagi. Chikulungeni chingwecho pa galasi loonera m'mbali la kwa dalaivala kuti chikukumbutseni polowa. Ine ndadula ziwiri kale.