Mwambo pasukulu uphunzitsidwe ngati phunziro, osati ndi khasu

Kwa aphunzitsi aakulu, a komiti ya sukulu ndi amayi a mother group (gulu la amayi lothandiza ana kuti asasiye sukulu) m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje.

Mwana akachedwa, m'sukulu zambiri amamupatsa khasu kapena chikwakwa kuti akumbe dzenje, atchetche udzu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo anzake akumaphunzira masamu iye ali padzuwa. Mawa akaona kuti belu lamupita, sabweranso, amathera kudimba kapena kumsika. Unduna wa zamaphunziro unaletsa kumenya ana, koma kuletsa kokhako sikumuuza mphunzitsi wa sitandade 2, amene ali ndi ana opitirira 100 chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, chimene angachite m'malo mwake.

Njira imene ndikulangiza inakonzedwa ku America, makamaka ku University of Oregon, m'zaka za m'ma 1990. Mutu wake ndi wakuti khalidwe liziphunzitsidwa monga timaphunzitsira kuwerenga, ndipo sukulu yonse izilankhula chimodzi. Mphunzitsi wina akamalola phokoso, wina n'kumalanga phokoso lomwelo, mwana amangophunzira kuopa munthu, osati kutsata lamulo.

Itanani aphunzitsi onse, komiti, PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), amfumu ndi ana angapo a sitandade 6 mpaka 8, mugwirizane malamulo atatu basi. Mwachitsanzo: lemekeza mnzako, dzisamale, samala za sukulu. Alembedwe m'Chichewa ndi m'Chisena momwe, chifukwa mwana wa sitandade 1 wa ku Bangula kapena ku Marka amamva msanga chilankhulo cha kwawo. Anene zoyenera kuchita, asakhale mndandanda wa "osatero, osatero".

Apa ndi pamene ambiri amalephera: amalemba malamulo pakhoma, n'kuwawerenga pa asembule kamodzi, basi zatha. Ayi. Tengani kalasi yonse mupite nayo pamjigo. Jambulani mzere pansi ndi kamtengo, mwana mmodzi azipopa, enawo aime kuseri kwa mzerewo, aang'ono patsogolo. Wamwa, wachoka, wina walowa. Abwereze mpaka zikhazikike. Chitani chimodzimodzi pamzere wa phala, pomwe ndewu zambiri zimayambira chifukwa akuluakulu amalowerera, ndiponso kuchimbudzi ndi posamba m'manja. Sabata yoyamba ya teremu iliyonse bwerezaninso.

Kenako yamikirani, ndipo tchulani chimene mwana wachita. "Wachita bwino" siyokwanira, nenani kuti, "Ndakuona wamusiyira malo mng'ono wako pamzere." Kalasi iliyonse ikhale ndi botolo. Mphunzitsi aliyense, ngakhale wa kalasi ina, akaona khalidwe labwino aponyemo njere ya mlambe. Botolo likadzadza, kalasiyo iyambe ndiyo kusewera mpira Lachisanu, kapena isankhe nyimbo ya pa asembule. Musatengeko ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, kukagula maswiti. Zikatha, khalidwe lithera pomwepo, komanso ndalamazo zili ndi ntchito yake. Njere yoponyedwa isachotsedwenso ngati chilango.

Mwana akalakwa, chilango chigwirizane ndi cholakwacho: wataya zinyalala atole, wanyoza apepese, ndipo zichitike popanda kumutulutsa m'kalasi nthawi ya phunziro.

Mphunzitsi wamkulu asunge kabuku kolembamo tsiku, nthawi, malo ndi chimene chachitika. Pakatha mwezi muwerengere limodzi. Mudzapeza kuti kujomba kukugwa pa tsiku la msika, kapena nthawi yokolola thonje. Kuti anyamata ochedwa ndi amene amayamba atulutsa ng'ombe ndi mbuzi. Kuti ana a tsidya lina la mtsinje wa Mwanza kapena wa Ruo amachedwa madzi akakwera. Zoterezi khasu silingathetse, n'zokambirana ndi makolo pabwalo la amfumu. Kumbukiraninso kuti namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ana obwerera kusukulu pambuyo pa zotere amakhala amantha, ena aukali, ena ongokhala duu. Yambiraninso kuphunzitsa malamulo aja modekha ngati teremu yangoyamba.

Okonza njirayi amati mwa ana 100, pafupifupi 80 amawongoka ndi zimenezi zokha. Otsalawo afunika kuwayandikira. Mwana wotere apatsidwe mphunzitsi mmodzi amene amagwirizana naye, azimupatsa moni m'mawa n'kumukumbutsa chinthu chimodzi choti asamale tsikulo, poweruka n'kuonanso limodzi momwe zayendera. Amayi a mother group akacheze kwawo. Mukapeza kuti akuchitidwa nkhanza kapena akukakamizidwa kukwatiwa asanakwane zaka 18, nkhaniyo musaizengere pasukulu. Pitani nayo kwa oteteza ana a m'dera lanu kapena ku Victim Support Unit ya polisi, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu, adziwitsidwe tsiku lomwelo.