Ukafuna kulemba nkhani yosaka wakupha ya ku Ireland wakale, yamba wawerenga ng'ombe

Nkhani zija zoti munthu wapezeka atafa nde wina akufufuza kuti wapha ndani, ambirife tinazizolowera m'mafilimu, kumabwera apolisi, dokotala kupima mtembo, mapeto ake unyolo m'manja. Tsono tangoganizani mwasankha kuti nkhani yanu ichitikire ku Ireland cha m'ma 600 kapena 700, zonsezo palibe. Kulibe polisi, kulibe ndende ya boma, ngakhale boma limodzi lolamulira chilumba chonse kulibe. Ine nditayesa koyamba ndinalemba machaputala atatu, nditangotenga wapolisi wamasiku ano nkumuveka mkanjo wa mmonke basi, powerenganso ndinachita manyazi ndekha. Chomwe ndinaphonya ndi chakuti kumeneko munthu akaphedwa funso lalikulu silinali loti timange ndani, linali loti alipire ndi banja liti ndipo ng'ombe zingati. Mukagwira pamenepo pulani yonse ya nkhani imatuluka yokha.

Yambani ndi malo, ndipo musankhe ang'ono. Ireland nthawi imeneyo anali wogawikagawika m'timaufumu totchedwa túath, tokwana mwina 150, kalikonse ndi mfumu yakeyake. Matauni kunalibe, Dublin anayamba ngati msasa wa ma Viking, ankhondo a panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, mu 841. Anthu ankakhala m'makomo ozungulira otchedwa ráth, nyumba zingapo zozungulira pakati, kunja atakumba ngalande ndi kuunjika dothi ngati mpanda, ena ankamanga pa kachilumba kochita kupanga pakati pa nyanja, kotchedwa crannóg. Ndiye ichi ndi chabwino kwa wolemba: munthu wamba akatuluka mu túath yake malamulo samamutetezanso, amene ankayenda momasuka ndi ansembe, alakatuli, oweruza, anthu ophunzira basi. Kutanthauza kuti wakupha wanu sangangokwera basi nkuthawa, ali pompo, akudya nawo pamaliro. Ndipo mlendo akafika aliyense amuona.

Tsopano pa ng'ombe paja, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali nsima. Malamulo awo, omwe anthu amangowatchula kuti malamulo a Brehon, analembedwa ambiri m'zaka za m'ma 600 ndi 700, ndipo mwa iwo munthu aliyense mfulu anali ndi mtengo wa ulemu wake, lóg n-enech, mawuwo akutanthauza mtengo wa nkhope. Ndalama zachitsulo kunalibe, ankawerengera mu cumal ndi sét. Cumal poyamba linali dzina la kapolo wamkazi, inde ukapolo unalipo musaubise, koma pamilandu nthawi zambiri ankaliwerengera ng'ombe zitatu zamkaka, pomwe sét inali ngati theka la ng'ombe yamkaka. Mfumu ya túath nkhope yake inali ma cumal 7, mlimi wamng'ono ma sét atatu okha. Munthu mfulu akaphedwa pankaperekedwa éraic, dipo la mtembo, ma cumal 7, nde werengani nokha, ng'ombe 21, kuwonjezera apo achibale a malemu aliyense amalandira molingana ndi mtengo wa nkhope yake. Wakuphayo akalephera kulipira ngongole imagwera abale ake, derbfine, onse ochokera kwa agogo a bambo awo mmodzi. Ngati palibe wolipira ndi pamene oferedwa ankatha kumugwira munthuyo, kumugulitsa kapena kumupha.

Mukuona zomwe zikutuluka apa eti? Aliyense m'mudzimo ali ndi chifukwa chonamira. Msuweni wa wakupha sakubisa chifukwa chomukonda, mwina amadana nkale, akubisa chifukwa ng'ombe zake zinayi zili pamzere. Oferedwa nawo angakonde kuti mlandu ugwere banja lolemera osati mphawi yemwe anaphadi, chifukwa kwa mphawi apezako chani. Ife amene tinakhalapo pabwalo la amfumu nkumva nkhani ya chipepeso cha mbuzi izi sizitivuta kumvetsa, mwina timazimva bwino kuposa wolemba wa ku London. Koma samalani pamodzi: kwa iwo mtundu ndi malo zinkatsata kuchimuna, musalowetsemo malume kuti ndiye mwini mbumba ngati kwathu kuchikamwini, mulakwitsa nkhani yonse.

Pali mawu awiri amene ali ngati mphatso kwa wolemba nkhani zoterezi. Loyamba duinetháide, kupha mwachinsinsi, kubisa mtembo kapena kusaulula, chindapusa chake chinkawirikiza kawiri. Ndiye kuti lamulo lenilenilo linkasiyanitsa wopha poyera ndi wopha mobisa, ndipo owerenga anu akangodziwa zimenezi ayamba kudzifunsa kuti bwanji munthuyu anasankha kubisa podziwa kuti akagwidwa alipira kawiri. Yankho nthawi zambiri lili m'mawu achiwiri, fingal, kupha wachibale. Uwu unali mlandu woipitsitsa chifukwa ulibe kokaulipira, banja silingadzilipire lokha, ndipo kubwezera ndiye kuti waphanso wachibale wina. Nkhani yanga ndinaitembenuza pamenepa.

Ndikuonetseni pang'ono mmene ndinatsegulira ulendo wachiwiri. Ku Ireland kuli madambo a dothi lakuda lonyowa amene saoletsa zinthu msanga, anthu ankakwirira batala m'menemo m'timigolo tamitengo ndipo mpaka pano ofukula amamupeza. Nde mayi wina wapita kukafukula batala wake dzinja litayandikira, wapisa mkono m'matope mpaka m'chigongono, chomwe wagwira si chivindikiro ayi, ndi tsitsi loluka. Khungu la mtembowo lada ngati chikopa chofufuta, nkhope ikuzindikirikabe, koma palibe angadziwe ngati wagonamo miyezi iwiri kapena zaka khumi. Mayiyo sakukuwa. Wakwiriranso bwinobwino, watenga batala wake, wabwerera kunyumba nkukakama ng'ombe. Chaputala chatha. Wowerenga atsala ndi mafunso awiri m'malo mwa limodzi.

Nanga wofufuza akhale ndani? Ambiri amathamangira kwa brithem, woweruza wophunzira malamulo, ndipo si zolakwika bola mudziwe kuti sanali wapolisi, ntchito yake inali kumva mbali zonse nkunena chomwe lamulo likuti, amalandirapo gawo lake pa mlanduwo ndipo akaweruza mokhota nayenso amalipitsidwa. Ndiye mupatseni chifukwa chochokera pampando nkuyamba kuyenda m'makomo, mwina mbiri yake ili pachiswe. Mmonke kapena sisitere nayenso amatheka chifukwa amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo malo a amonke ngati Clonmacnoise, Armagh, Glendalough kapena Kildare, kumene kunkakhala amuna ndi akazi pansi pa dzina la Brigid woyera, anali odzaza ndi alendo, chuma ndi mikangano ya maudindo. Ine amandisangalatsa kwambiri ndi fili, mlakatuli, chifukwa anthu ankamuopa zenizeni, akakupekera ndakatulo yonyoza nkhope yako yagwa ndipo ankakhulupirira kuti imatha kutulutsa matuza kumaso. Munthu wotero akafunsa funso mfumu imayankha. Mukasankha mkazi kuti afufuze zili bwino, koma musamupatse ufulu wa 2020, malamulo ambiri ankamuika pansi pa bambo, mwamuna kapena mwana wake wamwamuna ndipo umboni wake sunkalandiridwa pamilandu yambiri, nde nzeru zake zionekere pa mmene akuzembera mipanda imeneyo. Kusudzulana kokha kunkaloledwa, ndipo mwamuna ankatha kukhala ndi akazi angapo, apanso pali zifukwa zophera zambirimbiri.

Umboni ndiye mutu wina. Zidindo za zala iwalani. Mlandu unkayenda ndi malumbiro, mboni ndi anthu oimira ngati chikole, ndipo lumbiro la munthu wamkulu linkaphimba la wamng'ono. Ndiye wofufuza wanu atha kudziwa choonadi pa tsamba 80 koma amene anaona ndi kapolo woweta nkhumba yemwe mawu ake sawerengedwa, masamba otsalawo ndi osaka njira yoti choonadicho chiime pabwalo. Komanso oonerera mlandu osaletsa ankatha kulipitsidwa, nchifukwa chake mboni zimangoyang'ana pansi. Ndipo pali chida china chokoma kwambiri, troscad, munthu wamba akalakwiridwa ndi wamkulu ankapita pakhomo pake nkusala kudya poyera, mwini khomoyo akangodya osakonza nkhaniyo watsitsa nkhope yake ndipo mlandu wakula. Tangoonani chithunzicho, mkazi wamasiye wakhala pachipata cha ráth mvula ikuwaza, mkati nyama ya nkhumba yapsa koma palibe akuyerekeza kutapa.

Osaiwala za ana olera. Mabanja ankatumiza ana awo kukaleredwa kwina, anyamata mpaka zaka 17 atsikana mpaka 14, ndipo chikondi cha pakati pa mwana ndi omulera nthawi zina chinkaposa cha magazi. Ngati mukufuna munthu woti anamire wakupha popanda wowerenga kumuganizira, ndi ameneyo, mbale wa bere lina.

Chaka musankhe chenicheni, chimakupatsani nyengo yaulere. 664 ndi chaka chodzaza, dzuwa linadetsedwa kumayambiriro kwa Meyi, kunagwa mliri waukulu, ndipo tsidya lina la nyanja ku Whitby, ku England, akuluakulu a mpingo ankakangana za tsiku la Pasaka, mkangano womwe unkagawa amonke a miyambo ya ku Ireland ndi otsata Roma. Pa mliri mtembo umodzi wowonjezera ndani angaufunse? 697 nacho ndi chabwino, Adomnán, mkulu wa amonke a pa kachilumba ka Iona ku Scotland, anasonkhanitsa mafumu ndi atsogoleri a mpingo ku Birr nkukhazikitsa lamulo loteteza akazi, ana ndi atumiki a mpingo, ndipo mayina 91 analembedwa ngati otsimikizira. Lamulo latsopano nthawi zonse limabwera ndi okwiya nalo. M'lamulo lomwelo mkazi wopha munthu ankaikidwa m'bwato ndi chopalasira chimodzi ndi kamphika ka phala nkumukankhira panyanja, zotsala aweruze Mulungu. Mukafuna ma Viking dikirani 795 kupita mtsogolo, musawabweretse msanga.

Zolakwitsa zing'onozing'ono ndi zimene zimagwetsa nkhani. Yoyamba ndiseke nayo kaye, mbatata ija timaitchula kuti airishi pamsika, kachewere, nthawi imeneyo ku Ireland kunalibe, inachokera ku South America ndipo inafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Anthu anu adye phala la oats, buledi wa balere, mkaka, batala, tchizi, uchi, nkhumba, amwe mowa wa balere. Ndalama zachitsulo zinayamba kusulidwa ku Dublin m'ma 990, ndiye kathumba kolira makobidi ayi. Nyumba zikuluzikulu zamiyala zachifumu ndi akalulu a kuuna zinabwera ndi ma Norman, ankhondo amene anaolokera ku Ireland kuchokera ku Britain, pambuyo pa 1169. Njoka kulibe, musaphe munthu ndi njoka, mimbulu yokha inalipo. Mapepala kulibe, ankalemba pa zikopa za ana a ng'ombe kapena pa timatabwa topaka phula, ndipo izi mutha kuzigwiritsa ntchito, uthenga wofufutidwa pa phula mwina chitsulo cholembera chinakanda thabwa pansi. Wotchi kulibe, mboni inene kuti linali belu la mapemphero liti kapena nthawi yokama. Mayina a mtundu a O' ndi Mac anabwera mochedwa, panthawiyi munthu ankangotchedwa uje mac uje, mwana wa uje, mkazi ingen uje.

Mawu achi Irish musawathire ngati mchere wa munthu wokwiya. Asanu kapena asanu ndi limodzi m'buku lonse akwana, lililonse lilowe pamene munthu wina akulifuna, mwachitsanzo wowerenga amve éraic koyamba pakamwa pa nkhalamba yomwe ikuwerenga ng'ombe zake ndi chala uku ikutukwana mdzukulu. Ndipo mfundo ya malamulo yomwe idzamasule mlandu kumapeto muionetse koyambirira pa kamlandu kopanda pake, iwo anali ndi malamulo mpaka a njuchi zikaluma munthu kapena zikakadya maluwa kwa neba, nde woweruza wanu ayambe ndi mlandu wa njuchi anthu aseke, osadziwa kuti mwawapatsa kale kiyi. Mukafuna kuona zolembedwa zakale zenizeni, University College Cork ili ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa CELT, yaulere, muli mbiri ya chaka ndi chaka yomwe amonke ankalemba, mizere yaifupi yoti uje waphedwa ndi abale ake, osafotokoza chifukwa, mzere umodzi wotero ndi buku lathunthu.

Pomaliza mlandu musamutengere wakupha kundende chifukwa kulibe. Chaputala chomaliza chichitikire pabwalo, poyera, mabanja onse awiri atakhala moyang'anana, woweruza atchule dzina kenako atchule nambala. Mu nkhani yanga zinapezeka kuti wakupha ndi mchimwene wake wa malemu, ndiye panalibe ng'ombe yoti ichoke khola lina kupita lina, anthu anangodzuka mmodzimmodzi osayang'anana, ndipo mayi wa batala uja, yemwe anali mlezi wa wakuphayo, anatsala yekha akupinda chikopa chomwe anakhalira.